Wagula munda, koma nkhwali ndi za wina

Loweruka lina m'mawa, mwezi wa Novembala, munthu amene wangogula kumene nyumba ndi kankhalango kake kumidzi ya ku England akhoza kudzutsidwa ndi kulira kwa mfuti kuseri kwa mpanda. Akasuzumira pawindo aona amuna asanu ndi atatu atandanda m'munda mwake, agalu atakhala pambali pawo, ndipo anyamata akubwera chakutchire akugogoda mitengo kuti mbalame zivumbuluke. Palibe adamupempha. Akathamangira kwa loya, loyayo atenga mapepala a malowo, atsegula tsamba lina lomwe mwiniwakeyo adangolidumpha pogula, ndipo amuonetsa mzere umodzi wonena kuti ufulu wosaka, woombera mbalame ndi wowedza pamalopo udatsala m'manja mwa wogulitsa ndi adzukulu ake. Anthu a mfuti aja sakulakwa chilichonse.

Angerezi amautcha ufulu umenewu sporting rights. Maloya awo amauika m'gulu lomwe dzina lake ndi la Chifalansa chakale, profit à prendre, kutanthauza mphamvu yolowa pamalo a mnzako n'kutengapo kanthu: msipu wa ziweto, nkhuni, miyala, nsomba, nyama. Chodabwitsa chake n'chakuti ufuluwu umaima pawokha ngati katundu. Njira yodutsa m'munda wa mnzako imafuna kuti iwe ukhale ndi malo ako pafupi, amene njirayo ikuwathandiza. Ufulu wosaka sulira zimenezo. Mwini wake akhoza kukhala ku London kapena kutsidya kwa nyanja, wopanda ngakhale kachigawo ka dothi m'deralo, koma n'kumaugulitsa, kuubwereketsa pa lendi, kapena kuusiyira ana pa chuma cha masiye. Kuyambira pa 13 Okutobala 2003, pomwe lamulo la Land Registration Act 2002 lidayamba kugwira ntchito, ufulu wotere ukhoza kulembetsedwa ku HM Land Registry ndi nambala yakeyake, monga momwe amalembetsera nyumba.

Kwa ife sizachilendo kwenikweni. Munthu amasiyira mnzake munda koma n'kunena kuti mango aja ndi anga, kapena kuti chulu cha inswa chija musachikhudze. Kusiyana kwake n'kwakuti mawu otere kumudzi amafa pamodzi ndi amene adawamva, pomwe ku England amalembedwa, amadindidwa, ndipo amakhala ndi moyo zaka mazana, n'kudzagwira munthu yemwe agogo ake adali asanabadwe pamene ankalembedwa.

Gwero la nkhaniyi ndi momwe malamulo awo amaonera nyama ya m'tchire. Ikakhala yamoyo ilibe mwini. Kalulu amene ali m'munda mwako m'mawa, masana ali kwa mnzako, ndipo palibe anganene kuti waberedwa. Umwini umayamba nyamayo ikafa, ndipo umapita kwa amene ali ndi ufulu wosaka pamalopo. Khoti lalikulu la House of Lords lidatsimikiza zimenezi mu 1865 pa mlandu wa Blades v Higgs, womwe udali wa akalulu ophedwa ndi anthu osaka mozemba. Choncho chomwe chimagulitsidwa si mbalame kapena agwape ayi, koma mwayi wowapha ndi kuwanyamula.

Mwayi umenewu udali wa akuluakulu kuyambira kale. William the Conqueror adapatula New Forest cha m'ma 1079 kuti azisakamo yekha. Lamulo la 1671 lidaletsa pafupifupi aliyense amene malo ake sankamubweretsera mapaundi 100 pachaka kupha nyama zosakidwa, ngakhale m'munda mwake momwe. La 1723, lotchedwa Black Act, lidafika poika chilango cha imfa kwa wopezeka m'nkhalango ali ndi zida atadzidetsa kumaso. Lamulo la Game Act 1831 ndi lomwe lidachotsa tsankho la chuma lija, koma pofika nthawi imeneyo kusaka kudali kutasanduka chizindikiro cha ubwana. Nkhondo yoyamba ya dziko lonse itatha, mabanja a minda ikuluikulu adapanikizika ndi misonkho ya chuma cha masiye, ena ana awo aamuna atathera kunkhondo, ndipo adayamba kugulitsa mafamu kwa alimi omwe ankachita lendi. Dothi adalitaya, koma mfuti adaikakamira. Bungwe la boma la Forestry Commission, lomwe lidakhazikitsidwa mu 1919, lidatenga malo ambiri pa lizi ya zaka 999, eni ake akusunga ufulu wosaka. N'chifukwa chake lero munthu wogula kankhalango ka maekala asanu amapeza mzere uja m'mapepala.

Funso lenileni ndi lakuti mzerewo umalola chiyani. Yankho loyamba la loya aliyense ndi losasangalatsa: zimatengera mawu omwe adalembedwa. Ngati chikalata chidangoti game, pamabuka mkangano, chifukwa lamulo la 1831 potchula nyama za dzina limeneli lidawerenga akalulu a m'tchire, pheasant, nkhwali za kumeneko ndi mitundu ya grouse. Agwape mulibe, akalulu okumba mauna mulibenso, abakha a m'madzi chimodzimodzi. Maloya ochenjera ankalemba mndandanda wautali kuti pasatsale chouluka kapena chothamanga chilichonse. Ena ankalemba mwachidule, ndipo adzukulu a mbali zonse ziwiri ndi amene amakalipira maloya kuti amasulire.

Chachiwiri, ufuluwu si wa munthu mmodzi ndi galu wake. Kale mu 1840, pa mlandu wa Wickham v Hawker, khoti lidagamula kuti amene ali ndi ufulu wosaka n'kunyamula nyama akhoza kutuma antchito ake kukamusakira iye kulibe. M'masiku athu ano izi zikutanthauza kuti akhoza kubwereketsa ufuluwo kwa gulu la anthu osonkherana ndalama, kapena kwa kampani yomwe imagulitsa masiku osaka kwa alendo olipira ndalama zambiri. Pamodzi ndi ufuluwo pamabwera zina zomwe popanda izo ungakhale wopanda ntchito: kulowa pamalopo, kuyenda ndi agalu, kutola mbalame zomwe zagwa. Zoti alowe ndi magalimoto, amange makola a anapiye, aike migolo ya chakudya cha mbalame kapena adule tchire kuti oombera aone bwino, zimenezo zimafuna mawu ake m'chikalata, ndipo milandu yambiri imagona pamenepa.

Imagona pamenepa chifukwa kusaka kwenikweniko kudasintha. Pheasant, mbalame yokulirapo kuposa nkhwali, ya mchira wautali, kwawo kwenikweni ndi ku Asia. Zambiri zomwe zimaomberedwa ku Britain lero si zobadwira kutchire. Zimaswedwa m'makina, zimaleredwa m'makola ngati nkhuku, kenako zimatulutsidwa m'nkhalango miyezi ingapo nyengo yosaka isanayambe, mamiliyoni makumi angapo chaka chilichonse. Woyang'anira, yemwe amamutcha gamekeeper, amazidyetsa tirigu ndi kuziteteza kwa nkhandwe kuti zisabalalike. Tsiku losaka oombera sayenda n'komwe. Amaima pamalo oikidwiratu, mbalame n'kumapirikitsidwa kuti ziuluke pamwamba pa mitu yawo. Mlimi amene agogo ake adavomera kuti bwana azidutsa ndi mfuti kangapo pachaka akhoza kupezeka akudyetsa mbalame zikwizikwi ndi mbewu zake.

Makhoti adaliona vutoli msanga. Mu 1885, pa mlandu wa Farrer v Nelson, wochita lendi ya ufulu wosaka adabweretsa ma pheasant ochuluka kuposa omwe malowo akadasunga mwachilengedwe, ndipo zidawononga mbewu za mlimi. Khoti lidati alipire. Mfundo yake idali yakuti zomwe nyama zopezeka mwachibadwa zadya, mlimi angopirira, koma ukachita kuunjika mbalame mopitirira muyeso, zowonongekazo ndi zako.

Mlandu womwe maloya a masiku ano amautchula kwambiri udaweruzidwa ku High Court mu 2017. Munthu wina adagula nyumba yaikulu yakale ku North Yorkshire, n'kuikonza ndi ndalama zochuluka, koma ufulu wosaka pamalo onse ozungulira udali wa banja la eni ake akale. Iye adapempha khoti kuti liletse kuombera kulikonse pa mtunda wa mamita 300 kuchokera panyumbayo. Woweruza adakana. Adati chikalata sichidaike malire otero, ndipo wogulayo ankadziwa zomwe ankagula. Komabe adaika zoletsa zingapo: asaombere ataima panyumba penipeni kapena pa tinyumba take, asalozetse mfuti dala kunyumbayo, ndipo azidziwitsa mwini nyumba usiku wake ngati mawa kuli kusaka pafupi. Pa mawu akuti kusunga ndi kulera mbalame, woweruzayo adati amalola kudyetsa ndi kuteteza zomwe zili kale pamalopo, koma osati kumanga makola kapena kubweretsa anapiye pamalo a mwini nyumbayo. Aliyense adatuluka m'khoti ndi kena kake, koma ndikaona bwino, amene adapita kwawo akumwetulira ndi wa mfuti. Kudziwitsidwa usiku kuti mawa kukhala phokoso sikuchepetsa phokosolo.

Mbali yomwe ogula ambiri saiganizira ndi ya zomwe iwo eni sangachitenso pamalo awo. Pano malamulo amayenda pa chingwe chopyapyala. Ulimi wa masiku onse suletsedwa. Mu 1875, pa mlandu wa Gearns v Baker, khoti lidati mwini malo akhoza kudula mitengo yake monga mwa kasamalidwe ka nthawi zonse, ngakhale mbalame zitasowa pobisala. Akhoza kusintha mbewu, kulima pomwe padali msipu, kuweta nkhosa. Chomwe sangachite ndi kuwononga tchire mwadala kuti nyama zithawe, kapena kusintha malowo mpaka ufulu wa mnzake utasanduka dzina chabe. Pa mlandu wa Peech v Best, mwini famu ya maekala pafupifupi 700 adabwereketsa ufulu wosaka, kenako n'kugulitsa maekala 12 kuti pamangidwe makola a akavalo a mpikisano. Khoti la apilo lidati walakwa: sungapatse munthu chinthu ndi dzanja lamanja n'kumulanda ndi lamanzere.

Maekala 12 pa 700 ndi kachigawo kochepa, ndipo apa ndi pomwe pali ndalama. Chilolezo chomanga chochokera ku khonsolo sichifafaniza ufulu wa munthu wina. Mlimi akafuna kugulitsa munda kwa omanga nyumba, kapena kuikapo magalasi a magetsi a dzuwa, mwini ufulu wosaka akhoza kuopseza kuti akatenga chiletso kukhoti. Kawirikawiri safuna mbalamezo ayi. Amafuna gawo la phindu. Ufulu womwe udagona zaka makumi asanu osaombera ngakhale chipolopolo chimodzi umadzuka tsiku lomwe malowo akwera mtengo.

Pali zina zomwe Nyumba ya Malamulo idasiyira wokhala pamalo, zomwe chikalata chilichonse sichingamulande. Lamulo la Ground Game Act 1880 lidabwera alimi atadandaula kwa zaka zambiri kuti akalulu a bwana akutha mbewu iwo akungoyang'ana. Lidapatsa aliyense wolima malo mphamvu yopha akalulu a mitundu yonse iwiri, ndipo pangano lomulanda mphamvuyi ndi lopanda ntchito. Palinso mpata wopha agwape owononga mbewu, ngakhale uli ndi zoyenera kutsata zambiri. Nayenso mwini ufulu wosaka ali pansi pa malamulo a dziko. Grouse yofiira imaomberedwa kuyambira pa 12 Ogasiti mpaka pa 10 Disembala, nkhwali kuyambira pa 1 Seputembala, pheasant pa 1 Okutobala, ziwirizi mpaka pa 1 Febuluwale. Ku England ndi Wales nyama za m'gulu la game siziomberedwa Lamlungu kapena pa Khirisimasi. Mfuti imafuna chiphaso cha apolisi. Kuombera pa mtunda wosakwana mafiti 50 kuchokera pakati pa msewu ndi mlandu ngati kwavulaza, kwaopseza kapena kwasokoneza wodutsa. Ndipo chikalata chakale chikanena za kusaka nkhandwe ndi gulu la agalu, mawuwo adafooka mu Febuluwale 2005, pomwe Hunting Act 2004 idaletsa kusaka kotero.

Za nsomba ndi zachidule koma zimaluma chimodzimodzi. Pa mtsinje womwe madzi a m'nyanja ya mchere safikako, mwini gombe amatengedwa kuti ndi mwini mpaka pakati pa mtsinje, pamodzi ndi nsomba zake, pokhapokha ngati ufulu wowedza udagulitsidwa padera. Pa mitsinje ya trout yotchuka ngati Test ndi Itchen ku Hampshire, ufulu umenewu ndi chuma chachikulu pawokha. Munthu akhoza kukhala ndi nyumba yoyang'ana mtsinje, n'kumaona alendo akuyenda pa kapinga wake ndi mbedza, iye osaloledwa kuponyamo yake.

Ku Scotland zinthu zidayenda njira ina. Ufulu wowedza salmon kumeneko ndi katundu wapadera kuyambira kale, wochokera kwa mfumu, ndipo umagulitsidwa mosiyana ndi gombe. Koma ufulu woombera nyama umatengedwa ngati gawo la umwini wa malo. Ukhoza kubwereketsedwa, koma sudulidwa n'kugulitsidwa kwamuyaya monga ku England. Mpata umodzi udatseguka pamene dongosolo lakale la mabwana a malo linkathetsedwa: omwe adali ndi ufulu wosaka pamalo a anthu awo adaloledwa kuulembetsa lisanafike tsiku la 28 Novembala 2004, ndipo amene sadatero adautaya.

Tsono ufulu wotere umafa liti? Ku England, pafupifupi sufa. Kusaugwiritsa ntchito, ngakhale kwa zaka zambirimbiri, si umboni wokwanira kuti mwini wake adausiya. Makhoti amafuna chizindikiro chooneka chakuti adautaya osafunanso kubwerera. Umatha ngati mwini wake wasaina chikalata chousiya, kapena ngati malo ndi ufuluwo zagwera m'manja mwa munthu mmodzi. Anthu ambiri adadzidzimuka ndi zimenezi mu 2013. Lamulo lidapereka malire a pa 13 Okutobala chaka chimenecho kuti olowa m'malo mwa mabwana akale a midzi alembetse maufulu awo, kuphatikizapo osaka ndi a miyala ya pansi, apo ayi akhoza kudzawataya malowo akagulitsidwa. Makalata adagwa ngati matalala. Ku Welwyn Garden City, tauni ya nyumba zamakono, mabanja adalandira zidziwitso zakuti Marquess of Salisbury ali ndi maufulu otere pa mapoloti awo. Palibe ankayembekezera kumuona ndi mfuti pakati pa maluwa a pakhonde, koma mzerewo ukalowa m'kaundula, wogula wa mawa ndi banki yake ya ngongole amayamba kufunsa mafunso.

Wogula wanzeru, kaya ndi Mngerezi kaya ndi mmodzi mwa abale athu omwe akhazikika kumeneko ndipo ayamba kusirira nyumba za kumidzi, amayamba ndi kaundula wa malo ndi zikalata zakale zomwe kaundulayo akutchula. Koma kaundula sanena zonse. Ufulu wakale wosalembetsedwa ukhoza kumumangabe ngati ankaudziwa, ngati ukadaoneka poyendera malowo mosamala, kapena ngati udagwiritsidwa ntchito m'chaka chomwe chidatsogolera kugulako. Choncho kuyenda wapansi n'kofunika: migolo ya tirigu yopachikidwa m'tchire, mpanda wa waya wa makola a anapiye, makwerero okhala ndi mpando pamtengo pomwe wosaka agwape amabisalira, makatiriji otayidwa m'udzu. Akapeza kuti ufuluwo ulipo, akhoza kuugula, kukambirana kuti uchotsedwe pafupi ndi nyumba, kutsitsa mtengo wa malowo, kapena, ngati mwini wake sakudziwika, kugula inshuwalansi. Ya inshuwalansiyi ili ndi msampha wake: ukayamba wapita kukagogoda kwa mwini ufuluwo, makampani ambiri sakulandiranso, poti wadzutsa galu wogona wekha.

Sindikuona cholakwa kuti munthu agulitse munda n'kusunga kusaka. Wogula woyamba adalipira mtengo wotsika podziwa zimenezo, ndipo nkhalango zambiri za ku England zidapulumuka nkhwangwa chifukwa wina ankafuna pobisala mbalame zake. Chomwe chimandivuta ndi ufulu wosatha womwe mwini wake sadziwa n'komwe komwe mundawo uli, wongodikira tsiku lodzatchinga chitukuko cha wina. Dziko la Ireland lidaupezera mankhwala. Pamene lamulo la 1903, lodziwika ndi dzina la George Wyndham, linkathandiza alimi a lendi kugula minda yomwe ankalima, mabwana ambiri adaloledwa kusunga ufulu wosaka, ndipo mpaka lero umaonekabe m'mapepala a minda yambiri. Koma lamulo la Land Act 1965 lidatsegula njira yakuti ufulu wotere, kupatula wowedza, ufafanizidwe ngati papita zaka 12 usakugwiritsidwa ntchito. Wofunadi kusaka sataya kanthu; amene amataya ndi wongosunga pepala.

Nsomba adazisiya dala, ndipo pachilumbachi nkhani za madzi ndi zomwe zimawawa kwambiri. Ufulu wowedza salmon pa zigawo za mtsinje wa Blackwater, kufupi ndi Lismore, udakali wa banja la Duke of Devonshire wa ku England. Kumpoto, m'chigawo cha Northern Ireland, kuli Lough Neagh, nyanja yaikulu kuposa zonse ku Britain ndi Ireland, yomwe imapereka pafupifupi 40 peresenti ya madzi akumwa a chigawocho. Pansi pake ndi magombe ake ndi za Earl of Shaftesbury, kudzera mu umwini womwe udayambira kwa Arthur Chichester m'zaka za m'ma 1600, ndipo magulu oombera abakha amachita lendi kwa iye. Asodzi a mikunga a m'mbali mwa nyanjayi adalimbana ndi eni ufulu wowedza kwa mibadwo, m'makhoti ndi pamadzi pomwe, osapambana. Mu 1965 adapanga kopaletivi motsogozedwa ndi wansembe, bambo Oliver Kennedy, n'kuyamba kugula masheya a kampani yomwe idali ndi ufuluwo, mpaka adaitenga yonse kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970. Mikunga idakhala yawo pochita kuigula. Pamene ndere zobiriwira zapoizoni zidaphimba nyanjayi mu 2023, anthu adayambanso kufunsa kuti pansi pake mpa yani, ndipo Earl wa lero adanena kuti ndi wokonzeka kukambirana za tsogolo la umwiniwo.